Ana athu akuphunzira kuona patali ku yunivesite. Nanga ife a kacewere?

Tsiku lina tili m'kalasi ya akuluakulu, mayi wina anakweza dzanja. Anati: "Aphunzitsi, mwana wanga ali ku yunivesite ku Tete. Matumba a kacewere amene ndagulitsa kuti iye aphunzire sindingawawerenge. Ndikamufunsa zimene akuphunzira, akuti estratégia. Kodi cimeneci n'ciyani? Cimadyedwa?"

Tonse tinaseka. Koma funso la mayiwa linali lenileni. Mwina inunso muli ndi mwana, mdzukulu kapena mlamu ku sukulu zapamwambazi. Mwina mulibe, koma mumalima, mumagulitsa, ndipo caka cikatha mumadzifunsa kuti ndalama zapita kuti. Tiyeni tikambirane za phunziroli. Muona kuti likukhudza munda wanu ndi thumba lanu.

Kodi amaphunzira ciyani?

M'cigawo cathu ca Tete muli sukulu zapamwamba zingapo. Mu mzinda wa Tete muli UniPúnguè, muli ISPT, mulinso nthambi ya Universidade Católica. Pafupi nafe, ku Ulónguè, kuli nthambi ya UniZambeze yophunzitsa za ulimi. Acinyamata amene amaphunzira kayendetsedwe ka makampani ndi mabungwe, komwe pa Cipwitikizi amati gestão, amakumana nalo liwu loti estratégia.

M'cinenero cathu tingati ndi nzeru yoonera patali. Kampani kapena gulu limakhala pansi n'kudzifunsa mafunso atatu. Tikufuna kukafika kuti? Tidzera njira iti? Nanga tisiya ciyani kuti tikafike?

Musasokoneze ndi pulani ya tsiku ndi tsiku. Mukati "mawa tikathira feteleza", imeneyo ndi pulani ya nchito. Koma mukati "ife zaka zitatu zikubwerazi tizilima kacewere wa mbewu, osati wa cipisi, ndipo tizigulitsa pamodzi", pamenepo ndiye mwaona patali.

Funso lacitatu lija ndi limene limavuta. Kusankha njira imodzi ndi kukana ina. Akuluakulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Gulu limene likufuna kacewere, fodya, nkhuku, cigayo ndi golosale nthawi imodzi, mpamba uli wocepa, silipita patali.

Zilembo zinayi: F, O, F, A

Cida coyamba cimene ophunzira amapatsidwa cili ndi zilembo zinayi. Werengani nane: F, O, F, A. Amati FOFA. Cilembo ciliconse cikuimira liwu la Cipwitikizi.

F woyamba ndi Forças, mphamvu zimene tili nazo. O ndi Oportunidades, mwayi umene uli kunja. F waciwiri ndi Fraquezas, zofooka zathu. A ndi Ameaças, zoopseza zocokera kunja.

Tiyeni tiyese ndi gulu la alimi a kacewere kuno ku Tsangano.

Mphamvu zathu ndi ziti? Dera lathu ndi lokwera, lozizira. Kacewere, tirigu, kabici, nyemba ndi mapicesi zimacita bwino kuno, pamene ku cigwa ca Zambezi kumatentha kwambiri. Tili ndi timitsinje totsika m'mapiri, ndipo timadziwa kukumba ngalande zothirira m'madimba. Luso lolima tinabadwa nalo.

Mwayi uli kuti? Mzinda wa Tete ndi tauni ya Moatize muli anthu ambiri amene salima koma amadya tsiku lililonse. Tilinso m'malire. Misika ya Lizulu ndi Tsangano Turn-off, mbali ya Ntcheu, ili pa msewu waukulu wa Lilongwe ndi Blantyre.

Zofooka zathu? Apa tisadzinamize. Ambiri timakumba nthawi imodzi, ndiye msika umadzaza. Tilibe mosungira mwabwino. Timabzala mbewu yomweyomweyo zaka zambiri mpaka imatopa. Ndipo ndi ocepa amene amalemba ndalama zimene alowetsa m'munda.

Zoopseza? Ciwawu cikagwa m'munda nthawi ya mvula, masamba amapsa m'masiku owerengeka. Feteleza anakwera mtengo kwambiri mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse. Amene mumagulitsa m'makwacha n'kusintha kukhala metikali mukukumbukira mmene zinawawira. Kumapeto kwa 2024, cisankho citatha, zionetsero zinatseka misewu m'madera ambiri a dziko lino, ndipo katundu wosacedwa kuola sadikira kuti msewu utseguke.

Mwaona? Sitinapite ku yunivesite, koma FOFA tamupanga. Kusiyana kwake n'kwakuti ophunzira amalemba papepala, n'kuyang'ana zonse zinayi nthawi imodzi. Inunso tsopano mukutha kulemba.

Ndani ali ndi mphamvu pa msika?

Cida caciwiri cinacokera kwa mphunzitsi wina wa ku yunivesite ya Harvard, ku America, dzina lake Michael Porter. Mu 1979 iye analemba kuti phindu la malonda limadalira mphamvu zisanu. Tiziike ngati mafunso.

Ndani akugulitsa cimene ife tikugulitsa? Kodi n'kosavuta kuti ena atsopano ayambe malonda omwewa? Amene amatigulitsa mbewu ndi feteleza ali ndi mphamvu yotani pa ife? Nanga amene amatigula? Ndipo wogula akasiya katundu wathu, angagule ciyani m'malo mwake?

Mayankho mukuwadziwa kale. Ogulitsa kacewere tilipo ambirimbiri, kuno, ku Angónia, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Aliyense wokhala ndi munda atha kuyamba. Ogulitsa feteleza ndi ocepa, ndipo mtengo amachula okha. Wa lole akafika pamudzi amakhala mmodzi, ife tili makumi awiri, aliyense akufuna ndalama ya lero. Kacewere akadula, mayi wa m'tauni amagula mbatata kapena cinangwa.

Ndiye mlimi wapanikizika uku ndi uku. Pogula, mtengo amachula ndi wina. Pogulitsa, amachulanso ndi wina. Si ulesi ayi. Si tsokanso. Ndi mmene msikawu wakhalira. Ndipo ukadziwa pamene pakukupana, umadziwa poyambira. Alimi makumi awiri akagula feteleza pamodzi, n'kugulitsa pamodzi, mafunso awiri mwa asanu aja amayamba kusintha yankho.

Tiyeni tiwerengere. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu enieni. Tinene kuti mwakumba matumba 10, ndipo mbewu, feteleza, mankhwala ndi aganyu zinakudyerani 9.000 metikali. Mukagulitsa pamene aliyense akugulitsa, thumba pa 1.000, mupeza 10.000. Phindu ndi 1.000 basi. Tinene kuti mwasunga pang'ono, mtengo wafika 1.500. Thumba limodzi laola, atsala 9. Mupeza 13.500. Cotsani 9.000 ija, cotsaninso 500 ya kusunga. Phindu ndi 4.000.

Koma samalani. Kacewere si cimanga, sakhalitsa. Mtengo utha osakwera, ndipo matumba oola atha kukhala anayi. N'cifukwa cake ena amasankha njira ina: kubzala m'dimba mosiyanitsa masabata, kuti akumbe pamene anzawo alibe. Njira yabwino siidziwika ndi pakamwa. Imadziwika ndi pensulo.

Nawonso akuluakulu amaphonya

Mwina mukuti izi ndi za makampani a ndalama, iwo saphonya. Imvani nkhani ya kwathu konkuno.

Mu 2011 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale, imene inali ndi mgodi wa malasha wa Benga, ku Moatize. Inalipira madola oposa 3 biliyoni. Malasha analipo ndithu. Vuto linali limodzi: afika bwanji ku nyanja? Njanji ya Sena yopita ku Beira inkanyamula ocepa. Kampaniyo inkaganiza zotsitsa malasha pa mabwato akuluakulu mumtsinje wa Zambezi, koma boma silinalole. Malashawo anapezekanso kuti sanali abwino monga ankayembekezera, ndipo mtengo wake pa dziko lonse unatsika. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa migodiyo kwa gulu la makampani a ku India pa madola 50 miliyoni okha.

Werenganinso manambalawo. Kugula ndi mabiliyoni, kugulitsa ndi mamiliyoni. Anthu ophunzira kwambiri, okhala ndi makompyuta ndi alangizi, anagwa pa funso limene mlimi wa ku Ntengo-wa-Mbalame amadzifunsa caka ciliconse: katundu wanga atuluka bwanji?

Kampani ya Vale ya ku Brazil, imene inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, inayankha funsoli mwa njira ina. Inamanga njanji yodutsa m'Malawi mpaka ku doko la Nacala. Koma nayonso mu 2022 inagulitsa mgodi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan n'kucoka. Cimodzi mwa zifukwa zimene inapereka cinali cakuti ikusiya malonda a malasha, popeza utsi wake ukuthandiza kusintha nyengo. Imeneyonso ndi estratégia: kudziwa nthawi yosiya.

Acikulire akukumbukira CAIA, minda ikuluikulu ya boma imene inakhazikitsidwa kuno kumapiri ufulu utabwera mu 1975. Kunali mathalakitala, kunali anchito ambiri. Koma makina akaonongeka zitsulo zosinthira zinkasowa, kenako nkhondo inafika, ndipo m'zaka za m'ma 1980 zonse zinaima. Dothi linali labwino lomweli. Dothi lokha silokwanira.

Taonani za fodya ku Macanga

Abale athu a ku Furancungo ndi midzi ya Macanga akuidziwa bwino kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili ndi fakitale yake mu mzinda wa Tete. Ndi nthambi ya kampani ya ku America yochedwa Universal. Yang'anani mmene imagwirira nchito. Fodya wambiri amene imagula siilima yokha. Imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, imatumiza alangizi, ndipo mlimi amagulitsa fodya wake kwa iyo. Ngongole imadulidwa pogulitsa.

Kampaniyo inaona patali. Siifunika kugula minda yonseyo kapena kulemba anchito onsewo, koma fodya imamupeza. Mlimi nayenso amapezapo zake: zipangizo zimabwera, msika ndi wodziwika. Koma wogula ndi mmodzi, ndiye mphamvu ya mlimi pokambirana za mtengo ndi magiredi imakhala yocepa.

Sindikunena kuti fodya ndi woipa kapena wabwino. Ndikunena kuti kampani ili ndi ndondomeko yake ya zaka zambiri. Wa lole uja alinso nayo yake: amadziwa mtengo wa ku Tete asananyamuke. Pa anthu onse okhudzidwa ndi thumba lanu, kawirikawiri amene alibe ndondomeko ndi inu mwini thumba. Ndipo munthu wopanda ndondomeko yake amagwira nchito mu ndondomeko ya wina.

Cifukwa ciyani nkhaniyi ili ya lero?

Mu 2006, pa ulamuliro wa a Armando Guebuza, boma linayamba kupereka ndalama ku distirito iliyonse, zija tinkati 7 milhões. Colinga cinali cabwino: anthu akongole, ayambe malonda, abweze kuti ena akongolenso. Ena anapindula ndithu. Koma ndalama zambiri sizinabwerere. Zifukwa zinali zingapo. Pena anthu ankaiona ngati mphatso. Pena zinkaperekedwa mokondera. Koma panalinso ici: munthu ankalemberedwa pepala la pulojekiti ndi wina, iye n'kungodinda cala. Zimene zinali papepala sankazidziwa. Cigayo cinkagulidwa pamudzi pamene pali kale zigayo ziwiri. Nkhuku zinkabwera, koma za cakudya cake ndi katemera palibe anaziganizira.

Mu 2025 boma la a Daniel Chapo linakhazikitsa thumba lina la ngongole za m'madistirito, lochedwa FDEL, loganizira kwambiri acinyamata ndi amayi. Nalonso likufuna kuti wopempha alembe zimene akufuna kucita ndi ndalamazo. Ndiye funso lija labweranso. Kodi pepala lidzakhala lanu, kapena la wokulemberani? Ngongole ndi ngongole. Walira mvula walira matope. Mukatenga ndalama musanawerengere, mudzagulitsa mbuzi kuti mubweze.

Apa ndi pamene mwana wa ku yunivesite uja akufunika. Koma ndili ndi mawu awiri, ena kwa aphunzitsi ake, ena kwa ife.

Kwa aphunzitsi a ku yunivesite

Mabuku ambiri a phunziroli analembedwa kunja. Zitsanzo zake ndi makampani a ndege, a mafoni, a zakumwa. Si zoipa kuzidziwa. Koma wophunzira atha kumaliza zaka zinayi akudziwa za Coca-Cola, osadziwa kuti thumba la kacewere limadutsa m'manja angati kucokera ku Biri-Biri kufika pa msika wa ku Tete, ndi kuti aliyense amadyapo zingati.

Vuto lina ndi la nchito. Ambiri amaphunzira akuyembekeza ofesi ku mgodi kapena m'boma. Malo amenewo ndi ocepa, omaliza maphunziro ndi ambiri caka ndi caka. Pamene magulu a alimi, amene akufunadi munthu wodziwa kuwerengera, alibe wowathandiza.

Maganizo anga ndi awa. Wophunzira asanalandire digiri, akhale miyezi ingapo ndi gulu limodzi la alimi ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Angónia. Apange nawo FOFA m'Cinyanja, pansi pa mtengo, osati m'Cipwitikizi cokha. Ndipo amuyese ndi funso ili: kodi alimiwo atha kufotokoza okha ndondomekoyo iye atacoka? Ngati sangathe, ndiye kuti walemba pepala lake, osati lao.

Abwerenso ndi makutu. Mayi amene wagulitsa ku Lizulu zaka makumi awiri amadziwa mwezi umene mtengo umagwa, amadziwa wogula wobweza ngongole ndi wothawa nayo. Zimenezi sizili m'buku. Wophunzira ali ndi zida, mayiyo ali ndi cidziwitso. Mutu umodzi susenza denga.

Zimene pepala silingacite

Ndisakunamizeni kuti ndondomeko ithetsa zonse. Pepala silikonza msewu wopita ku Tsangano sede nthawi ya dzinja. Silimanga nyumba yosungiramo mbewu. Silitsitsa mtengo wa feteleza, ndipo silibweretsa mvula caka ca cilala ngati cija ca 2024. Zina ndi nchito ya boma, ndipo tiyenera kupitiriza kuzifunsa m'misonkhano ya m'madera mwathu.

Koma taganizani. Gulu lina likupita kwa akuluakulu a distirito n'kunena kuti "msewu ndi woipa". Lina likupita ndi kope, n'kunena kuti "caka cino matumba athu mwakuti anaola podikira lole, tinataya ndalama mwakuti". Ndi liti limene lidzamveke? Manambala olembedwa savuta kuwanyamula, ndipo ndi ovuta kuwakana.

Komanso ndondomeko si mwala. Mtengo ukasintha, kwacha ikagwa, matenda akabwera, mumakhalanso pansi n'kukonza. Ophunzira amauzidwa zomwezo: mukalemba, yesani, onani zotsatira, konzani.

Muyambire pati?

Gulani kope limodzi la munda wokha. Musalembemo za maliro kapena za chalichi. Patsamba lakumanzere lembani ndalama iliyonse yolowa m'munda, ndi tsiku lake. Kumanja lembani iliyonse yocokera m'munda. Musaiwale masiku amene inu ndi banja lanu mwagwira nchito, cifukwa thukuta lanu si laulere.

Tsiku la msika lililonse lembani mtengo wa thumba, ngakhale simunagulitse. Caka cikatha mudzaona nokha miyezi yokwera ndi yotsika.

Kenako khalani pansi ndi anzanu a m'kalasi kapena a m'gulu. Jambulani mtanda waukulu papepala kuti pakhale zipinda zinayi. Lembani F, O, F, A. Aliyense alankhule, amayi ndi abambo omwe. Pomaliza sankhani cinthu cimodzi cokha coti mucite pamodzi caka cino. Mwina kugula feteleza pamodzi. Mwina kufuna mbewu yatsopano. Mwina kutuma mmodzi ku Tete kukamva mitengo ndi kutenga manambala a foni a ogula. Lembani amene acite, ndi tsiku lomaliza.

Ngati gulu lanu silinalembetsedwe, dziwani kuti kuyambira 2006 pali lamulo lolola magulu a alimi ndi oweta kulembetsa ku distirito komweko, osapita ku Maputo. Funsani ku ofesi ya SDAE kapena kwa mlangizi wa m'dera lanu. Gulu lolembetsedwa limatha kutsegula akaunti ku banki ndi kusainirana mgwirizano ndi wogula.

Ndipo pepala lililonse la ngongole, muliwerenge nokha musanasaine. Pamene simukumva, funsani. Munaphunzira kuwerenga cifukwa ca tsiku ngati limeneli.

Mayi aja ndinawapempha cinthu cimodzi. Ndinati mwana wanu akabwera pa holide, musangomuphera nkhuku. Mumupatse kope lanu la munda, mumuuze kuti: "Kacewere ameneyu ndi amene akukulipirira sukulu. Tandionetsa FOFA wake." Akayankha bwino, ndalama zanu sizinapite pacabe. Akakanika, abwerere nalo funsolo kwa aphunzitsi ake. Inunso mucite cimodzimodzi ndi wanu.